Mayi Emily Davies, mwana wa wansembe amene adakana mayeso ofewa

Amayi anzanga, m'kope lino tikumbukire mayi wina wa ku England amene adamwalira zaka zoposa 100 zapitazo, Mayi Emily Davies. Sadakwatiwe, sadabereke, ndipo kusukulu adangopondako miyezi yowerengeka. Koma ndiwo adayambitsa Girton College, koleji yoyamba m'dzikolo kumene atsikana ankagonera konko n'kumaphunzira maphunziro a yunivesite. Chimene adatchuka nacho ndi liuma pa mfundo imodzi yokha: mtsikana alembe mayeso omwewo amene mnyamata akulemba, atakonzekera nthawi yofanana, popanda kumuchotserako kanthu. Liuma limeneli lidawayambanitsa ndi abwenzi awo ndipo lidatopetsa ophunzira awo, koma iwo sadasunthe.

Emily adabadwa pa 22 Epulo 1830 ku Southampton, wachinayi mwa ana asanu. Bambo ake, a John Davies, adali wansembe wa Mpingo wa Anglican, munthu wophunzira kwambiri ndiponso wolemba mabuku. Emily ali ndi zaka pafupifupi khumi, banja lidasamukira ku parishi ya Gateshead, kumpoto kwa England, tsidya lina la mtsinje wa Tyne moyang'anizana ndi mzinda wa Newcastle. Kumeneko kudali mafakitale, utsi, nyumba zothithikana ndi umphawi wadzaoneni. Mu 1853 kolera idapha anthu ambiri m'deralo. Mwana wamkazi wa wansembe ntchito yake idali yodziwikiratu: kuyendera odwala, kuphunzitsa ana Lamulungu, kusoka, ndi kuthandiza amayi ake pakhomo.

M'nyumba imeneyi maphunziro adagawidwa monga momwe ankagawidwira m'nyumba zambiri za nthawiyo. Alongo ake atatu adawakonzera tsogolo. Wamkulu, Llewelyn, adapita ku sukulu ya Repton, kenaka ku Trinity College ku Cambridge, ndipo adadzakhala wansembe wodziwika amene adamasulira m'Chingerezi buku la Plato kuchokera m'Chigiriki pamodzi ndi mnzake. Emily ndi mkulu wake Jane adatsala pakhomo. Emily adatolako Chilatini pang'ono pokhala pafupi ndi alongo akewo, ndipo ankalemba nkhani zoti bambo ake azichonga, koma palibe amene adaganizapo zoti mwanayu angapitirire. Si kuti makolo ake ankamuda. Umo ndimo dziko lidalili, ndipo anthu abwino ndithu sankaonapo cholakwa.

Kuti timvetse nkhondo imene adadzamenya, tiyenera kudziwa chimene chinkatchedwa maphunziro masiku amenewo. Mnyamata wa m'banja lopeza bwino ankayamba Chilatini ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, Chigiriki n'kubwera pambuyo pake. Kwa zaka khumi ankaloweza malamulo a zilankhulo ziwirizi, kumasulira Virgil, Cicero ndi Homer, mpaka kumapeka ndakatulo m'chilankhulo chimene palibe amene ankachiyankhula pamsika. Sayansi, mbiri ya dziko lake, ngakhale Chingerezi chenicheni, zidali zapambali. Aphunzitsi ankakhulupirira kuti kulimbana ndi ziganizo zovuta za anthu akalewo kumanola nzeru monga mwala unolera nkhwangwa. Kaya zidali zoona kaya ayi, chodziwika n'chakuti zilankhulo ziwirizi zidali khomo. Wopanda Chigiriki sakadatenga digiri ku Oxford kapena ku Cambridge, ndipo digiri yochokera kumeneko ndiyo inkatsegula njira ya ku unsembe ndi ku maudindo aakulu. Kwathu kuno amene amadziwa mbiri ya Kamuzu Academy ku Mtunthama, imene idatsegulidwa mu 1981 ophunzira onse akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ali nacho chithunzi cha maphunziro a mtundu umenewu.

Nanga mtsikana? Iye ankaphunzira kuimba piyano, Chifalansa pang'ono, kujambula, kupeta nsalu ndi kakhalidwe ka pamaso pa alendo. Cholinga chidali ukwati. Vuto lidali lakuti kalembera wa 1851 adaonetsa kuti akazi adachuluka kuposa amuna ndi pafupifupi theka la miliyoni, kotero ambiri sakadakwatiwa ngakhale akadafuna. Bambo akamwalira kapena chuma chikatha, mtsikana wotere ankangotsala ndi ntchito imodzi yosamuchotsera ulemu, yophunzitsa ana m'nyumba za olemera, pa malipiro ochepa, kuphunzitsa zinthu zimene iye mwini sadaziphunzire bwino.

Chaka cha 1858 chidali cha maliro m'banja la a Davies. Jane adamwalira ndi chifuwa chachikulu, Emily atamudwazika nthawi yaitali. Mlongo wake wamng'ono, Henry, adamwalira ndi nthenda yomweyo, ndipo William, amene adali wansembe wa asilikali a panyanja, adamwalira kutali ndi kwawo. Emily adali atapita ku Algiers, kumpoto kwa Africa, kukasamala Henry, ndipo kumeneko ndi kumene adakumana ndi Barbara Bodichon, mayi wachuma, wojambula zithunzi, amene adali kale pa ntchito yomenyera ufulu wa amayi. Adalinso ndi mnzake wina wocheperapo msinkhu, Elizabeth Garrett, amene ankafuna kukhala dokotala pa nthawi imene sukulu zonse za udokotala zinkakana akazi. Bambo ake atamwalira mu 1861, Emily adasamukira ku London ndi amayi ake kumayambiriro kwa 1862. Adali ndi zaka 31, ndipo apa m'pamene moyo wake wa pagulu udayambira.

Chaka chomwecho Elizabeth Garrett adapempha kulemba mayeso olowera ku University of London ndipo adakanidwa. Mayi Davies adakhala mlembi wa komiti yofuna kutsegulira akazi mayeso a mayunivesite. Ataona kuti khomo lalikulu latsekedwa, adayang'ana laling'ono. Kuyambira mu 1858 Cambridge idali ndi mayeso amene anyamata a m'sukulu za sekondale ankalemba m'madera mwawo, mapepala n'kumatumizidwa ku yunivesite. Ndi mayeso amenewa amene adadzakula n'kufika m'maiko ambiri, mpaka agogo athu ena adalemba Cambridge School Certificate kuno ku Nyasaland. Mayi Davies adapempha kuti atsikana nawonso aloledwe. Chilolezo chongoyesera chidabwera mochedwa, kutangotsala milungu isanu ndi umodzi. Adalemba makalata usiku ndi usana kufunafuna atsikana, podziwa kuti akabwera ochepa anthu aseka, ndipo akalephera ambiri anthu asekanso. Mu Disembala 1863 atsikana 83 adakhala pansi ku London n'kulemba. Mwa iwo, 25 adachokera ku sukulu ya Frances Buss, mphunzitsi wamkulu wa North London Collegiate School.

Zotsatira zidali zosakanikirana. M'maphunziro ena atsikana adachita bwino, koma m'masamu ambiri mwa akuluakuluwo adagwa. Wina akadabisa zimenezi kapena kupempha kuti masamu afewetsedwe. Mayi Davies adaziona mwina. Kwa iwo kugwako kudali umboni wakuti atsikana sankaphunzitsidwa masamu, osati kuti mitu yawo idali yosagwira masamu. Aphunzitsi adachita manyazi, adasintha kaphunzitsidwe, ndipo patangopita zaka zochepa vutolo lidatha. Mu 1865 Cambridge idavomereza kuti atsikana azilemba mayesowo. Phunziro limene Mayi Davies adatolapo lidawakhalira moyo wonse: muyeso umodzi wa onse umaulula pamene pali dzenje, pamene muyeso wapadera umalikwirira.

Nthawi yomweyo boma lidakhazikitsa komishoni yofufuza sukulu za ana a anthu apakati, motsogozedwa ndi Lord Taunton. Poyamba palibe amene adaganiza kuti sukulu za atsikana zili m'gulumo. Mayi Davies adasonkhanitsa masiginecha n'kukakamiza mpaka zidalowetsedwa. Mu Novembala 1865 iwo ndi Frances Buss adakaonekera pamaso pa komishoniyo kukapereka umboni, chinthu chachilendo kwa mkazi masiku amenewo. Lipoti lidatuluka mu 1868 ndipo lidanena poyera kuti maphunziro a atsikana adali apamwambamwamba, opanda maziko, otaya nthawi yambiri pa zodzionetsera. Lamulo la 1869 lidalamula kuti chuma chimene anthu akale adasiyira sukulu chizithandizanso atsikana kumene kungatheke, ndipo sukulu zambiri zabwino za atsikana zidabadwa kuchokera pamenepo.

Mayi Davies adali wamfupi, wovala modzilemekeza, wosakweza mawu. Amene ankayembekezera mkazi waphokoso ankadabwa. Ankadziwa kuti makolo ndi ansembe amaopa mkazi wophunzira, choncho pamisonkhano ankakonza kuti kutsogolo kukhale amayi ooneka ofatsa ndi ovala bwino, ndipo m'zaka zoyambirira zolemba zawo ankapatsa amuna kuti aziwerenge pagulu. Mu 1866 iwo ndi Elizabeth Garrett ndi amene adanyamula chikalata cha amayi pafupifupi 1,500 opempha ufulu wovota, kukachipereka kwa John Stuart Mill ku Nyumba ya Malamulo. Koma ataona kuti nkhani ya voti ingaopseze anthu amene ankafuna kuwakopa pa nkhani ya koleji, adaisiya kwa zaka pafupifupi makumi awiri. Chaka chomwecho cha 1866 adasindikiza buku lawo lotchedwa The Higher Education of Women.

Aphunzitsi aakazi ankawauza chinthu chimodzimodzi: mtsikana akamaliza sukulu alibe kopita, ndiye alimbikirenji? Yankho lidali koleji. Mayi Davies adafuna mapaundi 30,000, koma zimene zidasonkhedwa zidali kutali ndi pamenepo. Barbara Bodichon adapereka mapaundi 1,000, wolemba mabuku George Eliot mapaundi 50. Pa nkhani ya chipembedzo padali kukokana. Mayi Davies, monga mwana wa Mpingo, adafuna kuti mapemphero a pakoleji atsate mwambo wa Anglican, koma wophunzira wa mpingo wina asakakamizidwe. Barbara Bodichon, amene adachokera m'banja la mpingo wina, sadakondwe nazo, komabe ndalama zake sadabweze.

Pa 16 Okutobala 1869 koleji idatsegulidwa m'nyumba yalendi yotchedwa Benslow House m'tauni ya Hitchin, pakati pa London ndi Cambridge. Ophunzira adali asanu. Malowo adasankhidwa dala patali ndi Cambridge, kuti pasamveke mphekesera za atsikana ndi anyamata a payunivesite. Mtengo wake udali wakuti aphunzitsi ankabwera pa sitima yapamtunda, kuphunzitsa ola limodzi kapena awiri, n'kuthamangira sitima yobwerera. Fizi idali yokwera, kuposa mapaundi 100 pachaka, chifukwa Mayi Davies adalimbikira kuti wophunzira aliyense akhale ndi malo akeake owerengera, otseka chitseko. Ife amene tikudziwa mmene mwana wamkazi amaitanidwira kuchoka pa buku kuti akatunge madzi, akaone ndiwo pamoto, akanyamule mwana, tingamvetse chifukwa chake mayi amene adakulira m'nyumba ya wansembe yodzaza ndi ntchito adaika chitseko patsogolo pa zinthu zina. Ophunzira atachuluka, adamanga tizipinda tamalata m'munda wa nyumbayo.

Tsopano tifike pa phata la nkhani. Mnyamata wa ku Cambridge asanalembe mayeso aakulu a digiri, otchedwa Tripos, ankayenera kukhoza mayeso oyamba amene ophunzira ankawatcha Little-Go. M'menemo mudali Chilatini, Chigiriki, masamu, Uthenga Wabwino umodzi m'Chigiriki, ndi buku la William Paley lonena za maumboni a Chikhristu. Kwa mnyamata amene adayamba Chilatini ali mwana, awa adali mayeso ongodutsapo. Kwa atsikana a ku Hitchin, amene ena mwa iwo adali asadaonepo zilembo za Chigiriki, lidali phiri. Ndipo zonse, Little-Go pamodzi ndi Tripos, zinkayenera kutha m'materemu khumi, ndiye kuti zaka zitatu ndi teremu imodzi. Mayi Davies adalamula kuti atsikana awo atsate zonsezo, osachotsapo phunziro, osawonjezerapo teremu. Zimene mnyamata adaphunzira m'zaka khumi, mtsikana azimeze m'chaka chimodzi, kenaka ayambe za digiri.

Amene adatsutsa zimenezi sadali adani a maphunziro a akazi. Adali abwenzi. Henry Sidgwick wa ku Trinity College ndi aphunzitsi ena achinyamata ankaona kuti Little-Go ndi mayeso okalamba, otayitsa nthawi ngakhale kwa anyamata, ndipo ankafuna kuti Chigiriki chokakamiza chithe. Funso lawo lidali lomveka: bwanji kusenzetsa atsikana katundu amene tikufuna kutula anyamata? Mu 1869 Cambridge idakhazikitsa mayeso apadera a akazi opitirira zaka 18, ndipo mu 1871 Sidgwick ndi Anne Clough adatsegula nyumba ya ophunzira aakazi mumzinda wa Cambridge momwemo, imene idadzakhala Newnham College. Kumeneko mtsikana ankasankha maphunziro amene akufuna, n'kukhala nthawi imene angathe. Fizi idali yotsikirapo, ndipo atsikana ambiri osauka, makamaka ofuna uphunzitsi, adathandizika.

Mayi Davies sadakane kuti maphunziro a Cambridge adali ndi zofooka. Chimene adakana ndi chakuti kukonzako kuyambire pa akazi. Adaona kuti chilichonse chopangidwira akazi okha, ngakhale chikhale chabwino chotani, dziko lidzachitenga ngati chotsika, ndipo satifiketi yake idzakhala ndi mtengo wotsika pofuna ntchito. Kwa iwo mayeso apadera adali chikomekome cha nkhuyu. University of London itapereka mayeso a akazi okha, iwo sadathokoze. Anyamata akadzasiya Chigiriki, atsikana adzasiyanso tsiku lomwelo, koma osati tsiku limodzi m'mbuyo mwake. Ine ndikuona kuti pa mfundo imeneyi adalondola, ngakhale kuti amene adalipira mtengo wake sadali iwo, amene sadalembepo mayeso ngakhale amodzi, koma atsikana amene ankagona mochedwa ndi mabuku a galamala.

Ndipo atsikanawo sadali ana. Ena, monga Louisa Lumsden wa ku Scotland, adafika ali ndi zaka pafupifupi 30, ndipo sankafuna kulamulidwa ngati a pulayimale. Mu 1871 adachita sewero la Shakespeare m'nyumba mwawo momwemo, ena atavala zachimuna, ndipo Mayi Davies adakwiya kwambiri poopa kuti nkhaniyo ikatuluka kunja koleji ithera pomwepo. Ophunzira adaona ngati akunyozedwa. Pambuyo pake adadandaulanso za kaphunzitsidwe ndi za Little-Go, aphunzitsi ena ali mbali yawo. Mayi Davies adasintha zing'onozing'ono, koma pa mayeso adakana. Kunena zoona, sadali munthu wodziwa kutonthoza. Ankaona koleji ya zaka 50 zakutsogolo momveka bwino kuposa mtsikana wotopa amene adaima patsogolo pawo.

Yunivesite yokha sidawazindikire atsikanawa. Mapepala a mayeso ankaperekedwa mwa chifundo cha ochonga, aliyense payekha, ndipo chaka chilichonse pankafunika kupemphanso. Mu Disembala 1870 asanu adakhoza Little-Go. Kumayambiriro kwa 1873 atatu adalemba Tripos, osati m'holo ya mayeso koma m'chipinda chapadera mumzindamo. Sarah Woodhead adakhoza masamu pa mlingo wa gulu lachiwiri. Rachel Cook adakhoza Chilatini ndi Chigiriki pa mlingo wa gulu lachiwiri, Louisa Lumsden wa gulu lachitatu. Uthenga utafika ku Hitchin, anzawo adakwera padenga n'kuimba belu mpaka anthu a m'tauni adayesa kwabuka moto. Mayina a atatuwa sadalembedwe pa mndandanda wa yunivesite, ndipo digiri sadalandire.

Mu Okutobala 1873 koleji idasamukira pa malo akeake pafupi ndi mudzi wa Girton, makilomita pafupifupi anayi kuchokera pakati pa Cambridge. Ngakhale apa Mayi Davies adasunga kamtunda. Nyumba ya njerwa zofiira, imene adajambula Alfred Waterhouse, idali isadathe: ophunzira adafikira m'fumbi la amisiri, pamalo opanda mitengo, mphepo ikuwomba. Iwo eni adali mkulu wa kolejiyo kuyambira 1872 mpaka 1875. Pang'onopang'ono moyo wa pakoleji udakhazikika. Kudali mapemphero m'mawa, kuwerenga, chakudya cha pamodzi m'holo, ndi kuchezerana m'zipinda madzulo pa kapu ya tiyi. Aphunzitsi ena a yunivesite atayamba kulola akazi m'makalasi awo, atsikana ankapita mumzinda pa ngolo ya akavalo, ali ndi mayi wamkulu wowaperekeza amene ankakhala pambali mpaka phunziro litatha. Mu 1879 ophunzira adayambitsa gulu lawolawo lozimitsa moto, poona kuti akadikira thandizo lochokera mumzinda nyumba ingapse yonse. Louisa Lumsden adatsala ngati mphunzitsi, koma adasemphananso ndi Mayi Davies, adachoka, ndipo mu 1877 adakhala mphunzitsi wamkulu woyamba wa sukulu ya atsikana ya St Leonards ku St Andrews.

Adani enieni nawo sadagone. Mu 1874 dokotala wotchuka, Henry Maudsley, adalemba kuti kuwerenga kwambiri kumawononga thupi la mtsikana ndi mphamvu yake yobereka. Amene adamuyankha adali Elizabeth Garrett Anderson, mnzawo uja, amene tsopano adali dokotala, wokwatiwa ndiponso mayi wa mwana. Koma yankho lamphamvu lidachokera m'zipinda za mayeso. Mu 1880 Charlotte Scott wa ku Girton adapeza malikisi ofanana ndi a mnyamata wachisanu ndi chitatu m'masamu, ndipo phokoso limene lidatsatira lidachititsa kuti mu 1881 Cambridge ilole akazi kulemba Tripos mwalamulo ndi kusindikiza zotsatira zawo, ngakhale pa mndandanda wapadera. Mu 1887 Agnata Ramsay, wa ku Girton yemweyo, adakhala yekha m'chigawo chapamwamba cha gulu loyamba m'Chilatini ndi Chigiriki. Palibe mnyamata amene adafikamo chaka chimenecho. Linga lija limene lidatsekereza Emily kunja ali mtsikana lidagwetsedwa ndi wophunzira wa pakoleji yake, ndipo palibe amene akadanena kuti mayeso adali ofewa. Mu 1890 Philippa Fawcett wa ku Newnham adaposa mnyamata woyamba m'masamu. Newnham nayo idali itayamba kutumiza ophunzira ake ku Tripos.

Wina angaganize kuti apa nkhani yatha. Ayi ndithu. University of London idayamba kupereka madigiri kwa akazi mu 1878, koma Cambridge idaumitsa khosi. Mtsikana ankakhoza, n'kulandira kapepala kotsimikiza kuti wakhoza, koma osati digiri. Mu Meyi 1897 nkhaniyi idapita ku voti. Amuna onse amene adali ndi digiri ya MA adali ndi ufulu wovota, ndipo sitima zapadera zidabweretsa ambiri kuchokera ku London, ansembe a m'maparishi akumidzi ali m'gulumo. Anyamata adapachika chidole cha mkazi wokwera njinga pawindo moyang'anizana ndi Senate House. Okana adaposa 1,700, ovomera sadafike 700, ndipo usiku wonse mumzinda mudali chipwirikiti ndi moto wa chikondwerero. Ife a Mpingo wa Anglican m'Malawi nyumba imeneyi timaidziwa pa chifukwa china. Ndi m'menemo mmene David Livingstone adayankhula mu Disembala 1857, mawu amene adabala UMCA, ndipo Bishopu Charles Mackenzie amene adafika ku Magomero mu 1861 adali katswiri wa masamu wa yunivesite yomweyo, wachiwiri pa mayeso a 1848. Yunivesite imene idatumiza ana ake aamuna kudzatsegula sukulu kutali chonchi idatenga zaka zina 90 kuti ivomereze ana aakazi a pakhomo pake.

Pakati pa 1904 ndi 1907 Trinity College ya ku Dublin idalola akazi amene adakhoza mayeso a Oxford ndi Cambridge kukatenga digiri kumeneko. Oposa 700 adakwera sitima yapamadzi kuwoloka nyanja kukalandira m'dziko lina chimene adachigwirira ntchito kwawo. Mayi Davies eni ake adalandira digiri yaulemu ku University of Glasgow mu 1901.

Ku Girton mikangano sidathe. Ndalama zikapezeka, Mayi Davies ankafuna zipinda zina, kuti pasakhale mtsikana wobwezedwa chifukwa chosowa malo. Aphunzitsi ndi ophunzira akale ankafuna malipiro abwino, mabuku, ndalama zothandiza ofufuza, ndiponso mawu m'kayendetsedwe ka koleji. Apa ndikuganiza kuti achinyamatawo adaona patali kuposa gogo wawo, pakuti koleji si nyumba zokha. Tchalitchi cha pakoleji chidamangidwa mu 1902, m'gawo lomaliza la zomanga zimene iwo adatsogolera. Mu 1904 adatula pansi udindo wa mlembi.

Adabwerera ku nkhani ya voti imene adaisiya kale. Mu 1906 adali m'gulu la amayi amene adakakumana ndi nduna yaikulu, Henry Campbell-Bannerman, ndipo mu 1908, ali ndi zaka 78, adayenda nawo pa ulendo waukulu wa amayi m'misewu ya London. Zoswa mawindo ndi zotentha nyumba zimene ena ankachita sadagwirizane nazo. Mu Disembala 1918, ali ndi zaka 88, adapita kukaponya voti yawo yoyamba, mmodzi mwa ochepa kwambiri otsala mwa amene adasaina chikalata cha 1866. Chaka chotsatira Cambridge idachotsa Chigiriki chokakamiza, kwa anyamata ndi atsikana pamodzi, monga momwe iwo adanenera kuti ziyenera kuchitikira. Oxford idayamba kupereka madigiri kwa akazi mu 1920, koma Cambridge idakananso mu Disembala chaka chomwecho.

Mayi Emily Davies adamwalira kunyumba kwawo ku Hampstead, mu London, pa 13 Julayi 1921, ali ndi zaka 91. Patapita miyezi itatu Cambridge idakananso kachitatu kulandira akazi ngati mamembala, ndipo anyamata ena adakaphwanya zipata za Newnham zimene zidamangidwa pokumbukira Anne Clough. Akazi adakhala mamembala enieni a yunivesiteyo mu 1948, ndipo woyamba kulandira digiri adali Mfumukazi Elizabeth, mkazi wa Mfumu George VI. Girton idayamba kulandira ophunzira aamuna mu 1979. Mu 1998 Cambridge idaitana amayi amene adaphunzira kumeneko chisanafike chaka cha 1948, ndipo pafupifupi 900 adabwera, ambiri ali ndi zaka za m'ma 70 ndi 80, ena pa ndodo, ena pa njinga za olumala, n'kulowa mu Senate House atavala mikanjo ya omaliza maphunziro.